Nyimbo Zovina pa Kanema ndi pa Nsanja

Dzuwa likapendeka pa msika wa Mualadzi, m'boma la Chifunde ku Mozambique, phokoso la amalonda limazilala ndipo la masipika limakwera. Pakhonde la golosale amatulutsa kanema n'kumulumikiza ku batire lomwe lakhala likudya dzuwa pa sola tsiku lonse. Wagolosale akabaya fulashi, pagalasi pamatuluka oimba ndi ovina ovala mofanana. Akuluakulu amakhala pa benchi, ana amaima kutsogolo, maso ali pagalasi, miyendo ikuyesa sitepe. Amene waiphonya amadikira kolasi kuti ibwerenso. Sabata isanathe, sitepe ija imakhala itafika pa mjigo, kusukulu ndi pa ukwati.

Ambiri mwa ana amenewa sanaonepo bandi yaikulu ikuimba pamaso pawo. Mualadzi ali kutali ndi mzinda wa Tete, koma ali pafupi ndi malire a Zambia ndi Malawi, motero nyimbo za mayiko atatu zimakumana pa khonde limodzi. Gulu loimba nyimbo zovina limawapeza anthu m'njira ziwiri. Ina ndi vidiyo, kanema wamfupi wojambulidwa kuti aperekeze nyimbo imodzi. Ina ndi zoimbaimba za pa nsanja, pamene oimba ndi omvera amapumira mpweya umodzi. Njira ziwirizi zimadyetsana, koma iliyonse ili ndi mbiri yake, luso lake ndi mavuto ake.

Maso nawo amamva nyimbo

Kwa Achewa a ku Tete, a kum'mawa kwa Zambia ndi a m'chigawo chapakati cha Malawi, nyimbo, ng'oma ndi kuvina sizilekana. Liwu lakuti gule limanyamula zonsezi pamodzi. Pa bwalo la chintali kapena chitelele, woimba ndi yemweyo wovina, ndipo woonerera amawomba m'manja n'kumavomera. Gule Wamkulu, yemwe mu 2005 bungwe la UNESCO linamuika m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu onse m'dzina la mayiko atatuwa, samveka ndi makutu okha. Chilombo chimadziwika ndi maonekedwe ake, kaponyedwe ka mwendo ndi fumbi lomwe chimautsa. Woomba mbalule amayang'ana mapazi a wovina, wovinanso amamvera mbalule.

Makina ndi amene analekanitsa mawu ndi thupi. Galamafoni ndi wailesi zinabweretsa nyimbo zopanda nkhope. Munthu ankatha kukonda woimba zaka makumi awiri osadziwa ngati ndi wamtali kapena wamfupi, ndipo mavinidwe a nyimboyo aliyense ankangopeka ake. Vidiyo inabwezera maso gawo lawo. N'chifukwa chake inalandiridwa msanga m'madera amene gule ndi wofunika kumuona.

Kumene vidiyo ya nyimbo inakulira

Mbiri ya vidiyo ya nyimbo imadutsa kwambiri ku Britain. Kuyambira mu 1964 mpaka mu 2006, wailesi ya kanema ya BBC inkaulutsa sabata ndi sabata pulogalamu yotchedwa Top of the Pops, yoonetsa nyimbo zomwe zagulidwa kwambiri. Gulu likakhala pa ulendo silinkatha kufika ku situdiyo, choncho linkatumiza kanema wamfupi kuti akaimire m'malo mwake. A The Beatles anachita zimenezi m'zaka za m'ma 1960. Mu 1975 gulu la Queen linajambula kanema wa nyimbo yawo ya Bohemian Rhapsody, yemwe anaonetsa makampani a nyimbo kuti kanema wopangidwa mwaluso amagulitsa chimbale.

Pa 1 Ogasiti 1981 ku America kunatsegulidwa MTV, wailesi ya kanema yoonetsa mavidiyo a nyimbo usana ndi usiku. Nyimbo yoyamba kuulutsidwa inali Video Killed the Radio Star ya gulu la ku Britain la The Buggles. Wailesi yotere imafuna mavidiyo ochuluka, ndipo magulu a ku Britain ndi amene anali nawo kale m'manja. Duran Duran, Culture Club, Eurythmics ndi Wham! anatchuka ku America chifukwa cha mwayi umenewu. Mu 1982 a Duran Duran anakajambulira mavidiyo awo ku Sri Lanka, ndipo chakumapeto kwa 1983 Michael Jackson anatulutsa Thriller, kanema wa mphindi pafupifupi 14 yemwe mavinidwe ake anatengeredwa dziko lonse lapansi.

Chamba chomwe chinapindula kwambiri ndi popu yovinira. Popu ndi nyimbo zopekedwa kuti zikondedwe ndi anthu ambiri: zazifupi, mphindi zitatu kapena zinayi, zokhala ndi kolasi yosavuta kuloweza. Yovinira ndi imene ng'oma yake yaikulu imagunda mofanana, kanayi kanayi osaphonya, nthawi zambiri cha m'ma 120 pa mphindi. Kugunda kumeneku kunachokera ku disiko ya m'ma 1970, ndipo m'ma 1980 kunayamba kuimbidwa ndi kiyibodi komanso makina oomba ng'oma. Gulu la Steps, la anthu asanu, lomwe linayamba mu 1997, linafika pomapeka mavinidwe a nyimbo iliyonse n'kumawalemba pa kapepala ka m'chikuto cha chimbale kuti wogula aphunzire. Pamenepo sitepe inakhala malonda mofanana ndi nyimbo.

Kapangidwe ka vidiyo

Vidiyo ya nyimbo imayamba nyimbo itatha kale. Oimba amajambula mawu ndi zida mu situdiyo, n'kuzisakaniza mpaka zitamveka bwino. Tsiku lojambula zithunzi, nyimbo yomalizidwayo imaikidwa pa sipika, ndipo woimba amayendetsa milomo mogwirizana nayo. Mawu amene akutuluka pakamwa pake nthawi imeneyo sagwiritsidwa ntchito. N'chifukwa chake woimba amaoneka ali pathanthwe, kenako m'bwato, kenako pamsewu, gitala wake wopanda chingwe, koma nyimbo ikumveka chimodzimodzi.

Kamera sijambula kuyenda kwenikweni. Imatola zithunzi zoima zambirimbiri, 24 kapena 25 pa sekondi iliyonse, ndipo zikamadutsa motsatana diso limaona ngati munthu akuvina. Nyimbo imodzi imajambulidwa kambirimbiri: kamera ili patali kuti gulu lonse lioneke, ili pafupi ndi nkhope ya woimba, ili pa zala za wagitala, ili pansi kuyang'ana mapazi. Kenako wolumikiza amakhala pa kompyuta n'kumadula tizidutswa, kusankha tabwino ndi kutisoka pamodzi. Luso lake lili pa kudula molingana ndi ng'oma. Chithunzi chikasintha pomwe ng'oma yagunda, woonera amamva ngati galasi nalo likuvina. Chikasintha pena paliponse, vidiyo imatopetsa ngakhale nyimbo ili yokoma.

Mavidiyo amagwa m'mitundu itatu. Ena amangoonetsa gulu likuimba. Ena amasimba nkhani, monga ya mkamwini waulesi kapena mwana wamasiye, ndipo amaseweredwa ngati sewero. Ena ndi a mavinidwe, momwe wopeka masitepe ndiye mwini ntchito. Pa mitundu itatuyi, wa mavinidwe ndi umene umaoloka malire mosavuta, poti sufuna womasulira. Chitsanzo chake ndi anyamata a gulu la Tofo Tofo a ku Mozambique. Woimba wa ku America, Beyoncé, anaona mavinidwe awo pa intaneti, n'kutuma anthu kuti akawafunefune, ndipo mu 2011 anavina nawo mu vidiyo ya Run the World (Girls).

Njira yomwe kanema anafikira kumalire

Kanema anafika mosiyana m'mayiko atatu ozungulira Chifunde. Ku Zambia wailesi ya kanema inayamba mu 1961 ku Kitwe, dzikolo lisanalandire ufulu. Ku Mozambique inayamba mu 1981, poyamba ikufikira anthu a ku Maputo okha. Ku Malawi boma la Kamuzu Banda silinatsegule wailesi yotere, ndipo Television Malawi inayamba pa 1 Epulo 1999. Motero mabandi ambiri a m'ma 1970 ndi m'ma 1980 anadziwika ndi wailesi, zimbale ndi makaseti basi.

Ku Tete kunalinso nkhondo. Kuyambira mu 1977 mpaka pa mgwirizano wa ku Rome wa pa 4 Okutobala 1992, midzi yambiri inasamuka. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ena anakakhala ku Ukwimi m'boma la Petauke ku Zambia. Pobwerera kwawo anabwera ndi makutu ozolowera nyimbo za kumene anakhala. Chinenero n'chimodzi, maukwati amaoloka malire, ndipo magalimoto odutsa pa Cassacatiza kupita ku Chanida ndi Katete amanyamula katundu pamodzi ndi nyimbo.

Galasi loyamba lomwe anthu akumidzi anaonerapo oimba silinali la wailesi ya boma. Linali la m'kanyumba ka vidiyo: chipinda chotchingidwa mawindo, mabenchi, jenereta kuseri, ndi tepi ya VHS. Filimu ya nkhonya isanayambe, mwini kanyumbako ankaika nyimbo kuti anthu adzaze. M'tinyumba totere ndi momwe kwasakwasa ya Kanda Bongo Man ndi Pepe Kalle, kenako ndombolo ya Koffi Olomide ndi anzake, zinaphunziridwira. Momwemonso anthu anaona nkhope za Brenda Fassie, Yvonne Chaka Chaka ndi Lucky Dube. Kuchokera ku Zimbabwe kunabwera sungura, makamaka ya Alick Macheso, yemwe ali ndi magazi a ku Malawi ndipo nyimbo zina amaimbamo Chichewa. Sitepe yake ya Borrowdale, yotsanzira kuthamanga kwa hatchi, inafalikira kudzera pagalasi.

Television Malawi itayamba, oimba ndi makwaya a ku Malawi anayamba kujambulitsa mavidiyo ambiri. Ochuluka anali otsika mtengo: kamera imodzi, kapinga wa pa hotela, mathithi kapena gombe la nyanja, ovina atandanda pamzere. Tepi italowedwa m'malo ndi VCD ndi DVD, mavidiyowa anayamba kugulitsidwa pa msika uliwonse. Lero chimbale nacho chagonja kwa fulashi ndi memore. Mnyamata wa kompyuta pa msika amathira nyimbo mazanamazana m'kachipangizo kochepa ngati chikhadabo, ndipo anthu amagawana pa foni kudzera pa Bluetooth ndi WhatsApp. Amene ali ndi intaneti amaonera pa YouTube, yomwe inayamba mu 2005, kapena pa TikTok.

Zimene zimachitika pa nsanja

Phwando la zoimbaimba limayamba anthu asanabwere. Masana galimoto imatsitsa zida: ng'oma, magitala, besi, kiyibodi, malipenga ngati alipo, maikolofoni, zingwe ndi masipika. Mawu a chida chilichonse amayenda pa chingwe kukafika ku mikisa, bokosi la mabatani momwe katswiri amakweza ichi n'kutsitsa icho. Kuchoka apo amapita ku ampulifaya, yomwe imawapatsa mphamvu, n'kutulukira m'masipika akuluakulu oyang'ana anthu. Pansi pa nsanja, pamapazi pa oimba, pamakhala masipika ena ang'onoang'ono owayang'ana iwowo. Popanda amenewa woimba sadzimva, ndipo amasemphana ndi wang'oma.

Zida zikalumikizidwa, gulu limayesa chimodzichimodzi. Wang'oma amagunda yaikulu mobwerezabwereza mpaka wa pa mikisa atakweza chala, kenako yaing'ono, kenako besi, pomaliza mawu. Kulira kobaya m'makutu komwe kumamveka nthawi zina kumabwera maikolofoni ikayandikira sipika: imatola mawu ake omwe, n'kuwabwezera, n'kuwatolanso. Pa bwalo lalikulu palinso vuto la mtunda. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, pamene kuwala kumafika nthawi yomweyo, choncho woima kumapeto amaona dzanja la wang'oma likutsika asanamve kugunda. Kumidzi vuto lalikulu ndi magetsi. Jenereta yochepa mphamvu imafooketsa besi, ndipo mafuta akatha dansi yathera pomwepo.

Usiku umakhala ndi dongosolo lake. Amayamba ndi akalambulabwalo, oimba ongoyamba kumene omwe amatenthetsa anthu. Eni phwando akakwera, amayamba ndi nyimbo zodziwika, n'kutsitsa pang'ono kuti anthu apume, n'kusungira yokondedwa kwambiri kumapeto. Mtsogoleri wabwino amawerenga bwalo. Akaona kuti anthu agwidwa, amakodola wang'oma, nyimbo ya mphindi zinayi n'kufika khumi ndi zisanu. Amatsitsa zida zonse kusiya besi yokha, amaponya mawu anthu n'kuvomera, amaitana wovina mmodzimmodzi kuti aonetse zake. Wokhutira amakwera kukafupa, monga momwe amafupira wovina pa bwalo la kumudzi. Paja amati gule ndi wa aliyense, kulakwa n'kuthyola mwendo.

Apa ndi pomwe nsanja imasiyana ndi vidiyo. Mu vidiyo cholakwika chimadulidwa, pa nsanja chimaonedwa ndi onse. Vidiyo imakhala chimodzimodzi ngakhale ionedwe ka 100, pamene phwando la Loweruka silifanana ndi la Lamulungu. Oimba ena amabwera ndi nyimbo zojambula kale n'kumangoimba pamwamba pake, poti kulipira anthu khumi ndi kunyamula zida kumadula. Omvera amalola zimenezi akadziwiratu, koma salola chinyengo. Mu 1990 gulu la Milli Vanilli linalandidwa mphoto ya Grammy zitadziwika kuti mawu a m'chimbale chawo sanali awo.

Mabandi amene anakulira pa nsanja

Magulu ambiri otchuka a m'dera lino anapanga dzina ndi thukuta la pa nsanja, kanema asanawapeze. Ku Chileka, Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald ankaimba kwela ndi sinjonjo m'misewu ndi m'malo omwera. Ku Balaka, Paul Banda anayambitsa Alleluya Band mu 1978 mothandizidwa ndi mpingo wa Katolika, ndipo m'gululi munadutsa Lucius Banda, Charles Sinetre ndi Coss Chiwalo. Lucius anadzayambitsa Zembani Band mu 1997, n'kuyenda nayo m'maboma ndi m'mayiko oyandikana mpaka pomwe anamwalira mu 2024. A Black Missionaries, omwe anayamba ndi Evison Matafale, anapitiriza iye atamwalira mu 2001, ndipo amadziwika ndi kuimba mpaka m'bandakucha.

Ku Zambia kalindula wa Amayenge ndi P.K. Chishala anadzaza mabwalo m'ma 1980. Ku Mozambique, Orchestra Marrabenta Star de Moçambique, momwe munali Wazimbo ndi Mingas, komanso Ghorwane, yomwe inayamba mu 1983, zinkavinitsa anthu nkhondo ili mkati. Ku Niassa kuli Massukos ya Feliciano dos Santos, yoimba m'Chiyao, m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi, yomwe imapita kumidzi kukaimba za ukhondo ndi madzi abwino. Chifukwa cha ntchito imeneyi dos Santos analandira mphoto ya Goldman mu 2008. Masiku ano mabandi amakumananso pa zikondwerero zikuluzikulu monga Lake of Stars, yomwe inayambira ku Chintheche mu 2004, Sand Music Festival, Tumaini ya ku Dzaleka ndi Azgo ya ku Maputo.

Zakale zikabwerera

Nyimbo zovina zimakalamba msanga, koma sizifa. Papita zaka makumi awiri kapena atatu, ana a amene ankavina amazitola n'kuziona zatsopano. Kubwerera kumeneku kumachitika m'njira zitatu: gulu lakale limadzukanso, gulu latsopano limatengera mamvekedwe akale, kapena woimba watsopano amadula kachidutswa ka nyimbo yakale n'kukasokera mu yake.

Ku Britain zitsanzo zilipo. A Steps anafika pa nambala yoyamba kumayambiriro kwa 1999 ndi Tragedy, nyimbo ya disiko ya a Bee Gees ya mu 1979. Gululi linatha mu Disembala 2001, linakumananso mu 2011, ndipo amene anali ana panthawi yoyamba ija anabwera kudzavina masitepe omwe aja ali akuluakulu. Gulu la Jungle, lomwe Josh Lloyd-Watson ndi Tom McFarland anayambitsa ku London mu 2013, limapeka nyimbo zatsopano zomveka ngati disiko ndi soul za m'ma 1970. Mavidiyo awo ambiri amapatsa bwalo ovina m'malo mwa oimba, ndipo amajambulidwa kamera ikuyenda osadula. Wovina mmodzi akaphonya, onse amayambiranso. Vidiyo ya Back on 74 ya mu 2023 inatengeredwa ndi anthu ochuluka pa TikTok, ndipo mu 2024 gululi linalandira mphoto ya Brit ya gulu lopambana. Kajambulidwe kosadulaka kamabwezera mu vidiyo chinthu cha pa nsanja, chomwe ndi luso loonekera poyera lopanda pobisala.

Nkhani yofanana nayo, koma yozama, ndi ya WITCH ya ku Zambia. Gululi linayamba ku migodi ya Copperbelt kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, likutsogoleredwa ndi Emmanuel Chanda, yemwe anatchedwa Jagari chifukwa cha Mick Jagger wa The Rolling Stones. Pulezidenti Kenneth Kaunda atalamula kuti wailesi iziimba kwambiri nyimbo za m'dzikomo, chamba cha Zamrock chinakula. Munali WITCH, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, yemwe ankaimba gitala ndi mano. Jagari atachoka, WITCH inatembenukira ku disiko ndi zimbale za Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984, Patrick Mwondela ali pa kiyibodi. Mtengo wa kopa utagwa, chuma chinavuta, malamulo oletsa kuyenda usiku anatseka madansi, ndipo Edzi inatenga oimba ambiri. Jagari anakhala mphunzitsi, kenako wokumba miyala yamtengo wapatali.

Mu 2012 kampani ya ku America ya Now-Again inatulutsanso zimbale zakale za WITCH. Mu 2019 kunatuluka filimu yosimba mbiri yawo, ndipo Jagari ndi Mwondela anabwerera pa nsanja ndi oimba achinyamata, n'kutulutsa chimbale chatsopano cha Zango mu 2023. Sampa the Great anachitira ulemu Zamrock mu nyimbo ya Never Forget mu 2022, ndipo mu 2024 Tyler, the Creator wa ku America anasokera mu nyimbo yake ya Noid kachidutswa ka Ngozi Family koimbidwa m'Chinyanja.

Ku Malawi vidiyo ndi imene inadzutsa Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930. Mu 2020 Patience Namadingo anajambula naye kanema wosavuta, awiriwo akuimba motsatiza nyimbo zakale za mkuluyu. Kachidutswa ka Linny Hoo kanadzafalikira pa TikTok n'kuonedwa kambirimbiri m'mayiko omwe Chichewa sichimveka. A Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, anachokera m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni wopanga okha, gitala wa nsambo zinayi ndi ng'oma yogunda ndi chidendene. Ataimba pa Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, anayamba kuitanidwa ku zikondwerero za ku Ulaya. Mayimbidwe amenewa, omwe ena ankawayesa achikale, ndi amene anawatsegulira njira.

Ndalama ndi umwini

Kale phwando linkaitanira anthu kuti akagule chimbale. Lero nyimbo ndi vidiyo ndi zimene zimaitanira anthu ku phwando, poti ndalama zenizeni za oimba ambiri zimachokera pakhomo ndi kwa owalemba ganyu pa maukwati, misonkhano ndi malonda. Pa ndalama za pakhomozo pamachoka za holo, za zida, za galimoto, za achitetezo ndi za wokonza phwando, zotsala n'kugawana gulu lonse. Mvula ikagwa kapena anthu akachepa, oimba amabwerera chimanjamanja. Kumadera a alimi monga Chifunde, maphwando amayenda bwino anthu akakolola ndi kugulitsa fodya ndi chimanga.

Nyimbo ikathiridwa mu memore pa msika, amene amalandira ndalama ndi wothirayo, osati woipeka. Pofuna kuteteza opeka, mayiko anakhazikitsa mabungwe otolera ndalama m'malo mwawo: COSOMA ku Malawi, yomwe inayamba mu 1992, ZAMCOPS ku Zambia ndi SOMAS ku Mozambique. Mabungwewa amatolera kwa mawailesi, mahotela ndi malo achisangalalo, ndipo ku Malawi pali msonkho wa pa zipangizo zosungira nyimbo womwe umagawidwa kwa eni luso. YouTube imalipira molingana ndi kuchuluka kwa oonera komanso dziko lomwe ali, motero vidiyo yoyenda pa Bluetooth, ngakhale itatchuka mudzi wonse, siibweretsa kanthu mwachindunji. Phindu lake limadzaoneka tsiku lomwe gululo lidzafike pa bwalo n'kupeza anthu akudziwa kale mawu ndi masitepe.

Kusunga zimene maso anaona

Phwando likatha, limatsala m'mitima ya amene analipo, ndipo iwo akapita limapita nawo. Mawu a oimba akale ambiri alipo chifukwa panali wojambula. Hugh Tracey anayenda m'dera lino m'ma 1950 ndi makina ake, ndipo zomwe anajambula zikusungidwa ku International Library of African Music ku South Africa. Mu 1967 katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anajambula abale a Kachamba pa filimu, n'chifukwa chake lero n'zotheka kuona mmene zala zawo zinkayendera pa gitala ndi pa chitoliro. Koma zithunzi zoyenda za mabandi a Zamrock ali pa nsanja m'ma 1970 n'zosowa kwambiri, ndipo mabandi ochuluka a m'maboma, omwe ankavinitsa anthu m'maholo a sukulu ndi m'misika, sanajambulidwe n'komwe.

Ngakhale zojambulidwa sizikhalitsa zokha. Tepi imachita nkhungu ndi kumatana, chimbale chimakalika, memore imafa mwadzidzidzi, foni imabedwa. Malo osungirako zakale, monga National Archives of Malawi ku Zomba ndi ARPAC ku Mozambique, sangafike pa ukwati uliwonse. Ntchito yaikulu yagwera amene ali ndi foni m'manja. Kanema wa pa foni amakhala mboni yodalirika akatsata zinthu zochepa: woimba avomereze kujambulidwa, nyimbo itengedwe yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, wojambula asayandikire sipika kwambiri kuti mawu asaphwanyike, mapazi a ovina ndi manja a oimba zida aoneke, ndipo dzina la gulu, malo ndi tsiku zilembedwe. Kanemayo asungidwe m'malo awiri kapena atatu, eni nyimbo apatsidweko wawo. Magule a mwambo ali ndi malamulo awo, ndipo zoyenera kujambulidwa amanena ndi akuluakulu a bwalo. Kanema wosungidwa motere ndi amene adzaonetse adzukulu a ku Mualadzi mmene bandi ya kwawo inkaimbira, monga momwe filimu ya mu 1967 ikuonetsera za a Kachamba.